Dontho Limodzi

Lachinayi lililonse ku Mahebourg
ndimatsegula chipatala mame asanaume m'minda ya nzimbe,
ndipo amalowa, aliyense ndi chala chake.
Mabuku amati matendawa ndi amodzi.
Ine ndabaya zala zaka khumi ndi zitatu,
sindinaonepo anthu awiri akutambasula dzanja mofanana.

Bambo Appadoo amabwera ndi kope la mizere yofiira.
Anali kalaliki ku fakitale ya shuga, ndipo ukalaliki sunawachoke:
nambala ya m'mawa, nambala ya madzulo,
theka la nthochi, Lolemba, folo koloko isanakwane.
Akalakwitsa safufuta, amalemba tsamba lonse kachiwiri.
Akazi awo akuti ngakhale kutulo
milomo imagwedera ngati akuwonkhetsa.

Ginette amalowa ndi phwete.
"Anamwino, keke ija ndinangoinunkhiza,
shugayu walowera m'mphuno!"
Benchi yonse imagwa nako kuseka.
Koma tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa thanki ya madzi
atavula nsapato, akudzitsina chala cha kuphazi,
kutsina, kudikira, kutsinanso,
ngati wogogoda pakhomo pomwe eni ake anasamuka kalekale.
Atandiona anati, "Ndikuwerenga ngati zonse zilipo,"
nasekanso. Ine sindinaseke.

Clency amayendetsa basi yopita ku Curepipe.
Anthu amati ndi wamtima wapachala.
Shuga akatsika, mawu amakwera,
thukuta kamukamu, manja kunjenjemera pa chiwongolero.
Kondakitala wake anaphunzira kusayankha:
amangopisa m'thumba, nasenda siwiti, namupatsa.
Basi itaima pambali mphindi khumi,
Clency amapepesa ndi gogo yemwe sanamulakwire.
Anandifunsapo, maso ali pa thonje,
"Wolalata uja ndine, kapena ndi magaziwa?"
Ndinamuuza kuti apinde chala.
Yankho ndinalibe.

Mayi Peerbux salankhula.
Apongozi awo sadziwa, ana awo sadziwa.
Mankhwala obaya amakhala m'filiji, m'chitini cha majarini,
kuseri kwa tsabola yemwe palibe amamukhudza.
Ku ukwati amalandira zotsekemera ndi manja awiri,
kuthokoza, kukulunga m'kansalu,
"Ndikadyera kunyumba."
Nyerere za pakhonde pawo ndi zonenepa.

Sindidziwa ngati matenda amaumba munthu
kapena amangomuvundukula,
monga mvula ya Febuluwale imaonetsera pomwe denga linali lobooka kale.

Mwezi wathawu ludzu linandidzutsa katatu usiku umodzi.
M'mawa ndinakhoma chitseko cha chipinda cha mankhwala,
ndinadzibaya ndekha.
Kamakina kanawerenga masekondi asanu,
masekondi omwe ndakhala ndikuuza anthu kuti ndi ochepa.
Thonje lija ndinalikwirira pansi penipeni pa bini
kuti mnzanga wa ntchito asalione.
Basi ndine Mayi Peerbux, ndinatero mumtima.

Koma pobwerera ndinagula kope pa sitolo ya Ah-Kong,
ndinasankha la mizere yofiira.
Mchemwali wanga atafunsa chondiwondetsa
ndinamuyankha nthabwala yoti sindiikumbukanso,
ndipo usiku ndinakalipira mwana wanga
chifukwa cha supuni imodzi yosatsuka.

Lachinayi likubwerali wina adzavala yunifolomu yoyera,
ine ndidzakhala pa benchi, pakati pa Ginette ndi khoma.
Adzaitana dzina langa.
Dzanja ndidzalitambasula,
koma sindikudziwa kuti motani.