Wotchi Yoyenda Chafutambuyo

Amalume a Namakhwa atopa nawo majombo.
Agona m'shopu chilekere mvula,
mapeyala makumi asanu ndi limodzi, fungo la mphira lokhalokha,
ndipo Loweruka lino ku esiteti akulandira.
"Eneles, suja unaphunzira za makompyuta?
Ndipangire wotchi yoyenda chafutambuyo.
Anthu aziona mtengo wotsika ukuwathawa,
mitima iziwagunda."

Ndakhala pa thumba la mchere, laputopu pantchafu,
kiyibodi yaguluka batani limodzi
ngati m'kamwa mwa mwana wa sitandade wani.
Kunja chiperoni chameza phiri lonse,
pa Limbuli pangotsala mabelu a njinga.

Ndikulemba mu C,
chiyankhulo chosadziwa pepani.
Ukaiwala kadontho kamchira kumapeto kwa mzere
chimakubwezera ntchito yonse,
ngati kapitawo wa pasikelo
akapeza timitengo m'dengu la tiyi.

Poyamba ndinachiuza kuti:
nawa masekondi, chotsapo imodzi,
gona pang'ono, dzuka, chotsaponso.
Chinamvera.
Koma Lachitatu magetsi anathima,
batire langa linafa kale chaka chatha,
ndipo atayaka, wotchi inayambira pomwe inayambira,
yosadziwa kuti kunja kwada kawiri.

Ndinafufuta zonse.
Usamadziwerengere wekha, ndinatero,
wogona sadziwa utali wa tulo take.
Uzifunsa: pano nthawi ili bwanji?
Yankholo uzichotsa pa ola lotsekera.
Makinawa, ndinamva, amasunga sekondi iliyonse
chiyambire Januwale wa 1970,
amayi anga asanabadwe,
mulu umodzi wosapungulika.
Ine ndingogawa: awa maola, izi mphindi,
zotsalira pansi pa lichero ndiwo masekondi.

Loweruka tinaika TV yakale pazenera.
Manambala ofiira, akulu ngati zibakera.
Othyola tiyi anabwera ndalama zili zofunda m'mipango,
kuyesa jombo mwendo umodzi, diso lili pazenera.
Wina anagula awiri akumanzere okhaokha,
anabwerera akutukwana wotchi yanga.

Sikisi koloko ikuyandikira.
Ana a pamsika akuwerenga mokuwa,
zitatu! ziwiri! imodzi!
Ziro.

Kenako
1193046:28:15.

Zii.

Kulakwa n'kwanga.
Ndinasankha mtundu wa nambala wosadziwa ngongole,
umene sutsika pansi pa ziro.
Utafika pamphepete sunaime,
unagwera kuseri n'kutulukira pamwamba penipeni,
mimba ili tho ndi masekondi mabiliyoni anayi.

Mphunzitsi wina anatulutsa foni, n'kuwerengetsa.
"Bambo Namakhwa, selo yanuyi
itha pakapita zaka zana limodzi, makumi atatu ndi zisanu n'chimodzi."
Mayi Mulipa anavula jombo limene amayesa,
n'kulibwezera pashelefu mwaulemu.
"Ndiye ndidzabwera mwezi wamawa,
kapena adzabwera mdzukulu wa mdzukulu wanga."
Khonde lonse linagwa nacho chikhakhali.
Amalume sanaseke.
Anangondiyang'ana monga amayang'anira kabuku ka angongole.

Mankhwala ake ndi mzere umodzi:
ngati nthawi yakwana, ima, lemba kuti YATHA.
Zala zanga zinali kale pakiyibodi.

Koma ndinachedwa dala.
Kuno zonse zimatithera m'manja:
mayunitsi, bandulo, malipiro asanafike Lachiwiri,
mpweya wa bambo anga m'chipatala muja,
umene palibe anatiwerengera pazenera.
Ndani anayamba wapatsapo Limbuli
nthawi yochuluka chonchi?
Ndinaisiya iyake mphindi zisanu,
nkhope za anthu zili psuu ndi kuwala kwake,
aliyense ali ndi zaka zoti n'kumwaza.

Kenako ndinalemba mzere uja.
Sindinaiwale kadontho kamchira.

Majombo atsala mapeyala khumi ndi anayi.
Amalume akuti sabata yamawa tiyesa maambulera,
ndipo malipiro anga ndi peyala imodzi, saizi naini.
Ine ndimavala faifi.