Mtengo wa Mwera

Ndinanyamuka ku Bembeke tambala asanalire kachiwiri,
chishalo pamutu ngati mtolo wa nkhuni.
Sindinamukwere, ndimati afike wopanda thukuta.
Pambuyo panga ziboda zinayi
zikugogoda msewu wa ku Lizulu ngati wangongole pachitseko.

Mwini famu atagulitsa malo anati ndalama palibe.
Malipiro a miyezi khumi ndi inayi anandilozera m'khola:
tenga kavaloyo, Ndau, ndi iwe amakumva.
Koma kavalo sathiridwa pa phando la chimanga,
ndipo ahedi a Felesiya salandira ziboda.

Pamsika, pakati pa milu ya kachewere ndi kabichi,
anthu anatizinga.
Ana akukuwa: bulu wamtali! bulu wodya bwino!

Woyamba anali Kadzakumanja wangolo.
Anamufunyulula milomo, nawerenga mano,
nasuzumira pansi pa mchira kufuna nkhupakupa.
Amakoka matumba angati?
Ndinati sakoka.
Amalima?
Salima.
Nanga amadyeranji?

Ndinamanga chishalo. Ndinakwera.

Chingwe sindinakoke,
ndinangochigoneka pakhosi pake
mopepuka ngati ntchentche yatera,
Mwera nazungulira pamalo amodzi ngati nguli,
kanayi kumanja, kanayi kumanzere.
Ndinamumasula, tinalunjika ku Mozambiki,
zipewa zikuuluka, nkhuku zikubalalika,
kenako ndinanong'ona liwu limodzi lokha:
miyendo yakumbuyo inalowa kunsi kwa mimba,
tinatsetsereka,
fumbi litatsika panatsala mizere iwiri pansi
yowongoka ngati njanji ya ku Balaka.

Mayi wa tomato analuluta.
Kadzakumanja anakanda ndevu:
Gule ndi wokoma, achimwene,
koma gule sapita kuchigayo.
Ndikupatsa abulu awiri. Winayo ndi wa diso limodzi.

Wachiwiri anadumpha msewu kuchokera tsidya,
mametikali atapinda m'sokosi.
Anandifunsa kuti akaphedwa angatuluke makilo angati.
Sindinamuyankhe.
Ndinakonza lamba amene anali wokonzeka kale.

Dzuwa litapendeka kunabwera mnyamata wa nsapato zoyera,
Jelasi, wa malo ogona alendo ku Lilongwe,
lole ya mbatata ikumudikira.
Mano sanawaone. Ziboda sanazinyamule.
Anamujambula pafoni mbali zonse, nati:
Akwati azikwera, alendo azijambulitsa.
Funso langa ndi limodzi, madala:
amatha kuima phee?

Zaka zisanu ndi ziwiri, m'nkhungu ya Juni,
zala zitauma, ndikumuphunzitsa kumva bondo,
kumva mpweya wanga, kumva ndisananene.
Ndinati: amaima.

Tinakangana. Ndinatchula, anaseka.
Anatchula, ndinayamba kumasula chingwe pamtengo.
Anawonjezera pang'ono, ndinatsika kwambiri.
Tinagwirana chanza pa mtengo wa matumba asanu ndi limodzi a feteleza
ndi matemu awiri a Felesiya.
Chishalo ndinangomupatsa. Ndikanamanga pa yani?

Ndinamutsatira mpaka ku lole, ndikulankhula:
madeya muzithira mchere pang'ono,
asamwe madzi ali ndi thukuta,
amaopa jumbo yakuda ikamauluka,
musamukoke kukamwa, chonde, nkofewa ngati kwa khanda.
Jelasi ankagwedeza mutu, khutu lili pafoni.

Pathabwa lokwerera Mwera anakana.
Anyamata anayi anamukoka, wina anatola mtyathyo.
Ndinati lekani.
Ndinaika dzanja pamanyenje ake, ndinayenda,
iye nanditsatira ngati tikulowa m'khola la kwathu.
Ndinamumanga ndekha, mfundo yosavuta kumasula.
Ndinatsika ndekha.

Mu minibasi ndalama zinali m'thumba lamkati,
zikunditentha nthiti.
Wina ankadandaula za mtengo wa anyezi.
Pokhota paja pa Masasa
bondo langa linakanikiza ntchafu ya bambo wapambali,
dzanja langa lamanzere linasuntha pang'ono mumpweya.
Bamboyo anandiyang'ana.
Ndinapepesa.