Buku la Masayini

Ku koleji anandipatsa buku
la mabokosi opanda kanthu:
jakisoni makumi awiri, mabala khumi, kubereketsa kasanu,
ndi kampata ka sayini kumapeto a mzere uliwonse.
Pa Kachulu ndinalikulunga m'jumbo
poona madzi a Chilwa akulowa m'boti,
mwini wake akukapa ndi chigubu chodula pakati,
mluzu uli pakamwa.

Pa Chisi anandilandira Mayi Namakhwa,
namwino amene wakalambira pachilumbapo.
Anayang'ana nsapato zanga zoyera nati,
"Izi muzisungire tsiku lobwerera."

Sabata yoyamba ndinali mpando.
Amayi a sikelo ankandilambalala mwaulemu:
"Tidikira akuluwo."
Madzi a pamjigo amchere, sopo wokana thovu,
netiweki ili pachulu kuseri kwa chimbudzi
pamene ndinkanamiza amayi anga kuti zonse zili bwino.

Ndiye usiku wa Lachinayi
anabwera naye atamunyamula pa chitseko,
Wisikesi, msodzi wa m'zimbowera,
masiku awiri akutsegula m'mimba pakati pa mabango.
Maso atalowa.
Ndinatsina khungu la pamimba, linangoima
ngati nsalu yochapa yoiwalika padzuwa.
Batire la sola linali litagona kale,
Mayi Namakhwa manja ali kwa wobereka chipinda china,
anangofuula kudzera pakhoma:
"Tiyese, ika diripi. Usandidikire."

Mtsempha ndinaudziwa pa chithunzi cha m'kalasi,
wabuluu, wonenepa, womvera.
Wa Wisikesi unathawa.
Ndinabaya koyamba, palibe.
Kachiwiri, palibe.
Mng'ono wake, tochi ya foni ikunjenjemera m'manja,
sanandinyoze, sanandilimbikitse,
anangosendeza kuwala pafupi.
Kachitatu kadontho kakuda kanatulukira mu singano
ndipo ndinamva mawondo anga akubwerera.
Botolo tinalikoleka pa msomali wa kalendala.

Kutacha anatsegula maso nafunsa
ngati wina wavuula ukonde wake.

Imeneyo ili m'buku. Tsamba lachisanu ndi chiwiri, sayini ilipo.

Za Abiti Witinesi mulibe.
Mwana anabadwa bwino, kamtsikana kaukali,
koma magazi sanamve mankhwala,
sanamve dzanja langa likusisita chiberekero
mpaka phewa kuuma.
Boti linalipo. Petulo anali kwa munthu
amene anapita ku maliro tsidya lina.
Tinasonkha malita atatu khomo ndi khomo,
Mayi Namakhwa anakwera naye,
ine ndinatsala ndi khanda ndi makiyi a chipatala.
Madzulo boti linabwerera pang'onopang'ono,
injini atazimitsa patali.
Pa Chisi aliyense amadziwa tanthauzo lake
kupatula ine, amene ndinathamangira kudoko
ndi funso pakamwa.

Usiku umenewo ndinatsuka pansi kawiri.
Mayi Namakhwa anandilanda chikolopa:
"Pakwana. Mawa kuli katemera,
ana makumi anayi, ndipo furiji yayamba kutentha."
Tinakhala pakhonde osayankhula,
udzudzu ukutidya tonse mofanana.

Sabata yomaliza mayi wina wa sikelo
anandipatsa mwana wake osayang'ana kumbali,
nati, "Adokotala aang'ono, tamumvani chifuwachi."

Lero ndili m'tauni, phiri lili pamalo pake,
minibasi zikuitanira Limbe, Liwonde,
magetsi akuyaka masana mu ofesi ya aphunzitsi.
Akutsegula buku langa ndi nsonga za zala,
pakuti likununkha matemba
amene Wisikesi anandikankhira m'chikwama padoko.
Awerenga, abwereza, akweza magalasi:
"Mabala mwalemba asanu ndi anayi.
Mwaperewera limodzi."

Ndayang'ana nsapato zanga zoyera.
Ndati, "Inde, aphunzitsi."