Timapiritsi Titatu

Miyezi inayi Torquil wakhala akundiveka malaya
monga ankavekera ana athu popita kusukulu,
dzanja ili kaye, kenako ilo,
ine chilili pakati pa chipinda, mapewa ali gwa
ngati chitseko cha shedi chogwidwa dzimbiri.
Chipeso ndinachisiya. Mutu unatalikira manja.
Podzuka ndinkayamba ndagubuduka ngati chipika
mpaka mawondo apeze pansi,
ndipo tauni yonse ya Wick inkakhala itamwa kale tiyi
ine ndisanavale sokosi imodzi.

Ndi ukalamba, ndinatero. Zaka makumi asanu ndi awiri si masewera.
Dokotala Mowat anapukusa mutu, maso pa pepala la magazi.
Dzina la matendawo analitchula kawiri,
polimayalijiya, nyamakazi ya m'minofu,
ine ndinangogwirako kumchira.
Kenako anayamba kuwerenga pa zala:
atatu m'mawa uliwonse, mutadya.
Musadzasiye mwadzidzidzi, ngakhale mutamva bwino chotani.
Litsipa likakugwirani apa, anadzikhudza m'mbali mwa mphumi,
nsagwada zikatopa potafuna, maso akachita nkhungu,
musadikire kuti kuche.
Anandipatsanso kakhadi ka buluu koti kazikhala m'chikwama,
ndinakaika kumbuyo kwa chithunzi cha mdzukulu.

Puredinizoloni. Timapiritsi titatu toyera,
tochepa kuposa mabatani a malaya a khanda.
Ndinatiyang'ana pambali pa mbale ya phala la otsi
mpaka phalalo linazizira.
Mkulu wanga Ishbel ankamwa omwewa chifukwa cha mphumu.
Ndikukumbukira nkhope yake itafufuma ngati mwezi,
khungu la pamkono likung'ambika akangokhula chitseko.
Imwa, Rhona, anatero Torquil, galu akudikira.
Ndinameza. Towawa ngati ndulu.

Tsiku loyamba, zii.
Lachiwiri, mwina. Ndinaopa kunena.
Usiku wachitatu ndinadzidzimuka folo koloko isanakwane,
mphepo ya kudoko ikugwedeza mawindo,
n'kupeza kuti ndakhala tsonga.
Ndekha. Osagubuduka.
Ndinatsika masitepe mumdima, khumi ndi atatu onse,
ndinayatsa getsi la kukhitchini,
n'kukweza dzanja.
Linakwera. Linapitirira phewa, linapitirira khutu,
linakafika pa shelefu ya pamwamba penipeni
pamene panali chitini cha mabisiketi, chafumbi,
chimene ndinkangochiyang'ana chiyambire Novembala.
Ndinadya asanu, ofewa kale, ndili chiimire.
Kenako ndinayamba kutsuka uvuni.

Torquil anandipeza nditagwada,
ndikupala mafuta akale ndi supuni, ndikung'ung'udza nyimbo.
Sananene kanthu. Anaika ketulo pamoto,
manja ake osadziwa kuti agwirenso chiyani.

Ndikudziwa, mphamvu imeneyi ndi ya ngongole.
Adzalipira ndi mafupa, ndi tulo, ndi shuga wa m'magazi.
Pawindo pafika kale botolo lina, la kashiamu,
ndipo njala ikundilondola paliponse ngati galu wosokera.
Akuti chaka, mwina ziwiri,
tizichepetsa pang'onopang'ono, kachidutswa kachidutswa,
ngati munthu wotsika makwerero usiku,
phazi kufufuza kaye lisanaponde.
Akuti nthawi zina ululu umabwerera pakati pa njira.
Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka,
zimenezo sindinaiwale.

Koma lero ndapesa tsitsi langa
mpaka kunkhongo.
Torquil anaima pakhomo atagwira juzi yanga yobiriwira,
ataitambasula kale mikono, mwachizolowezi.
Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti ndivala ndekha.
Ndinam'yang'ana, tsitsi lake losapesa, magalasi opendekera,
ndipo ndinatembenuka,
ndinam'patsa dzanja ili kaye,
kenako ilo.