Khobidi Pansi pa Mlongoti

Anachikokera padoko la Antigua m'mbandakucha,
chingwe kumphuno ngati mbuzi yogwidwa m'munda wa eni,
thanga litang'ambika pawiri,
magazi a munthu wina atauma kale m'ming'alu ya matabwa.
Ine Enoch Trevaskis, kalipentala wa zombo za mfumu,
ndine amene anandipatsa tchizulo
kuti ndifafanize dzina lake.

Sauterelle. Mfalansa wina wa unyolo kumapazi
anandiuza kuti kwawo ndiko kunena chiwala.
Ndinapala zilembo zonse khumi,
koma thabwa silinavomere kuiwala:
dzuwa likapendeka, chilembo choyamba
chinkasuzumirabe pansi pa utoto watsopano.

Akuluakulu anachiyeza ndi ndodo, nalemba mu kaundula:
mizinga isanu ndi umodzi, amalinyero makumi atatu,
chaching'ono koma chaliwiro, chigulidwe.
Mtengo wake sunafike pa akavalo anayi a bwanamkubwa.

Nkhondo zikuluzikulu tinkangozimvera m'makutu.
Ife tinkanyamula makalata omata ndi phula lofiira,
migolo ya madzi, mandimu, dokotala woledzera,
ndipo tsiku lina nkhumba zisanu ndi ziwiri
za phwando lomwe sitinaitanidweko.
Zombo za mizinga makumi asanu ndi awiri zikamadutsa
tinkagwedezeka m'mafunde awo ngati chikho.

Atsogoleri anasinthana asanu.
Woyamba, Pascoe Hambly, malungo achikasu anamutenga m'masiku anayi.
Wachiwiri ankamenya anthu Lolemba lililonse.
Wachitatu anali mnyamata wopanda ndevu
amene ankasanza mphepo ikangotembenuka,
komabe ndi iye amene anatitulutsa m'namondwe wa mu Ogasiti,
atadzimangirira pa tsigiro usiku wonse.
Awiri enawo ndawaiwala nkhope.

Chomwe sindiiwala ndi m'mawa uja pafupi ndi Guadeloupe.
Anatulutsa mbendera yake yakale m'bokosi,
naikweza pamwamba kuti tinamize eni dziko.
Ngalawa yonyamula shuga inatiyandikira mosaopa,
ndipo nkhalamba ina pamenepo inavula chipewa,
ikufuula dzina lija ndinapala ine,
ikuseka, ngati waona mwana wotayika akubwera pamsewu.
Tinatsitsa mbenderayo. Tinawomba kamodzi kokha.
Mu kaundula analemba mzere umodzi:
ngalawa yagwidwa, shuga migolo makumi anayi, palibe wovulala mwa athu.
Gawo langa ndinagula nsapato.
Zinkandiluma mpaka zinatha.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkachidziwa ndi zala.
Ndinkadziwa nthiti imene inkalira mphepo ikachokera kumpoto,
pomwe madzi ankalowera, pomwe makoswe ankaswera.
Mmisiri amene anachipanga sindinamuonepo,
koma ndinkakangana naye tsiku ndi tsiku:
anali wamanzere, wouma manja pa misomali,
ndipo polumikiza matabwa sankanama.

Adani analephera kuchimiza, koma mphutsi za m'nyanja zinachitha.
Zinaboola pansi pake mwakachetechete
mpaka chala changa chinkalowa m'thabwa ngati m'buledi.
Anabwera atatu ovala makoti abuluu, anagogoda, anagwedeza mitu.
Chosayenera kukonzedwa. Chigulitsidwe.
Anagula ndi Mayi Philippa Dunnow, mwini nyumba ya mowa,
amene ankafuna matabwa a khola ndi nkhuni.

Tsiku lozula mlongoti ndinapempha kuti ndikhalepo.
M'dzenje lake, m'matope a phula ndi mchere,
munali khobidi lamkuwa, nkhope yake itafufutika,
loikidwa ndi dzanja lamanzere lija
chombo chisanalawe madzi,
kuti amene adzakwere adzabwerere kwawo.
Linagwira ntchito mbendera zonse ziwiri
osafunsa kuti tikulankhula chinenero chanji.

Ndili nalo m'thumba. Siligula kanthu pachilumba pano.
Ndikamadutsa kuseri kwa nyumba ya mowa madzulo,
nkhumba zimadzikhula pa thabwa lachitatu kuchokera pansi,
ndipo dzuwa likapendeka bwino,
chilembo chija chimaoneka.