Mbale za Malume Wyson

Denga litadontha ndi mvula ya Januwale
tinakoka sutikesi kunsi kwa bedi ku Chilobwe.
Munali mbale khumi ndi ziwiri, zakuda bii,
zikuto zitadyedwa ndi njenjete,
anyamata a tsitsi lofika m'mapewa
akutiyang'ana ngati tili nawo ngongole.

Mayi anati, imodzi ndinkavundikira ndowa,
ina ili kudimba, ikuopseza mbalame.

Loweruka ndinapita nazo ku Limbe
kwa a Likaka okonza mawailesi,
amene amasunga singano m'kabokosi ka machesi
ngati dzino la mwana wawo woyamba.
Anapukuta mbale ndi mkono wa malaya,
nauzira fuu, nayiika.

Poyamba kunali kuthetheka chabe,
mbuliwuli m'chiwaya.
Kenako gitala inalira.
Sinalire mwaulemu ayi,
inakalipa ngati minibasi yodzaza
pa chitunda cha ku Bangwe,
ng'oma zikuyithamangitsa pambuyo.
Wamakala anaimika njinga pakhomo.

Malume ndinkawadziwa ali chete,
mlonda wa fakitale ku Makata,
munthu wa jekete limodzi ndi chifuwa chosatha.
Sindinkadziwa kuti phokoso lonseli
ankagona nalo kunsi kwa bedi.

Pa nyimbo yachitatu pali chipsera.
Singano inabwereza mawu amodzimodzi,
amodzimodzi,
mpaka a Likaka anayikankha ndi chala.
Apa mpomwe ankapakonda, anatero,
mbale imaperepeseka pomwe mwini ankabwererapo.

Magetsi anazima tisanatembenuze.
Mbali inayo ndikayimva Loweruka likubwerali.