Risiti ya ku Lukusuzi

Tinanyamuka ku Kapata tambala asanalire,
anthu asanu m'kagalimoto ka mlamu Jere,
mbatata yophika m'ndowa, madzi m'zigubu ziwiri.
Mzamose wanga anasanza tisanasiye phula la ku Lundazi.

Pachipata, mnyamata wa yunifolomu yobiriwira
analemba maina athu pang'onopang'ono.
Atate anatulutsa ndalama m'sokosi,
nalandira risiti ndi manja awiri,
nanong'oneza amayi:
"Lero ndalowera pakhomo."
Amayi anawatsina.

Mlonda anatsogola, mfuti paphewa,
koma njira itagawikana m'mitengo ya mombo
anaima, nakanda mutu.
Atate analoza ndi chibwano: uku.
Ankadziwa mwala woterera,
ndi dzenje losunga madzi mpaka Okutobala.

Thanthwe linatiotcha zikhatho.
Amayi anavula nsapato, nakwinya chitenje,
nakwera akutukwana mawondo awo.
Pamwamba mphepo inatilanda mawu.
Chigwa chinagona kutali, chotuwa ngati utsi wa lupsa.

Kenako chinkhoma.
Chinaima pansonga ya mwala,
ziboda zinayi pamalo oti n'kuphimba ndi sosala,
chikutiyang'ana.
Ndinaona chala cha atate chikupindika chokha pantchafu,
kukoka chinthu chomwe panalibe.
Anachigwira ndi dzanja linalo.

"Agogo, kali kokha?"
"Dikira."
Tinadikira, akashembe akutiluma m'makosi.
Chachiwiri chinatulukira kuseri kwa mwala.
"Ukagwetsa chimodzi, chinzake sichithawira kutali.
Chimabwerera, chikuliza mluzu."
Mlonda anawayang'ana nthawi yaitali,
koma sanafunse.

Ine ndinamva fungo la nyama yofutsa ya ubwana wanga,
ija tinkadya chitseko chili chotseka.
Ndinakumbukira fizi yolipiridwa pa nthawi yake,
ndi miyezi isanu ndi inayi ija
ankatiuza kuti atate ali kumigodi,
amayi akunyamula kambale Lamlungu lililonse
kulowera cha ku Namuseche.

Potsika atate anawerama muudzu,
nazula waya wadzimbiri wozengedwa pamtengo.
Anauzunguliza m'manja, napukusa mutu:
"Mwana wamanga uyu, mfundo saidziwa."
Anaupereka kwa mlonda.

Tinafika ku Chipata magetsi atazima.
M'mawa amayi pochapa anaipeza risiti
m'thumba la malaya, yonyowa ndi thukuta, inki itafalikira.
Atate anaiyanika pazenera,
naitsindika ndi kamwala
komwe sindinaone akutola.